Khonde la kwa Kasamu

Pa Nyakamba masitolo anandandalikana mbali imodzi, onse kuyang'ana njanji, ndipo sitolo yomalizira, pafupi ndi pamene sitima inkaima, inali ya Mmwenye wina dzina lake Kasamu. Pakhonde la sitolo imeneyo ndi pamene Ignasio Zuze ankasokera. Anafikapo ndevu zisanamere, atangowoloka ndi amayi ake kuchokera kwa Apwitikizi ku Mozambiki, ndipo imvi zinamupeza ali pomwepo, mapazi ali pa chopondera cha makina. Miyendo ya makinawo inachita kukumba timaenje pa simenti, moti m'mawa uliwonse ankangowakankha pang'ono, iwo n'kukhazikika okha pamalo pake.

Khonde limenelo ndilo linali munda wake. Munthu akatsika sitima, kaya yochokera ku Chiromo kaya ya ku Nsanje, maso ake ankayamba kugwera pa Ignasio. Amene thalauzi lang'ambikira pa benchi, mayi amene wagulitsa thonje n'kudzigulira nsalu, mphunzitsi wofuna kabudula wa khaki, onsewo ankathera pakhondepo. Telala amadya chifukwa choonekera, mukamubisa m'nyumba mwamulanda mbale. Ignasio sankaitana munthu. Makina ndiwo ankaitana, ndipo anthu ankakhala pa simenti kudikira zovala zawo, akudya masawu ndi kukamba za madzi a chaka chatha.

Kenako chinafika chaka chimene Amwenye anauzidwa kuti achoke m'madera a kumidzi, akachitire malonda awo m'mizinda. Kasamu anapakira zonse m'lole, mpaka sikelo ndi kalendala, n'kugwira Ignasio dzanja nthawi yaitali. Khonsolo inagawa masitolo aja kwa eni nthaka. Anthu anavina tsiku limenelo, ndipo tisawaseke kwambiri, chifukwa nafenso tikanavina. Lorenso, amene kale ankanyamula matumba pa siteshoni, analandira sitolo yoyamba. A Veronika, mayi wophika mandasi, analandira ya pakati. Ignasio analandira makiyi a kwa Kasamu, ndipo iye ndi mkazi wake Otilia anasamukira m'zipinda za kuseri kwa sitoloyo, kusiya nyumba yawo ya udzu imene madzi ankaichezera chaka ndi chaka.

Onsewa ankayesa kuti katundu amamera yekha m'mashelefu ngati bowa. Sipanatenge nthawi kuti adziwe kuti katundu amachokera ku Limbe, kuti Mmwenye ankapikula kwa mbale wake pongotumiza mawu, ndi kuti munthu wa pa Nyakamba akafika kumeneko amayamba kumuyang'ana kumapazi. Ndiye madzi anadula msewu, mbozi zinadya thonje, anthu n'kuyamba kulowa m'dambo kukazula nyika, mizu ya m'madzi yodyedwa pa njala. Wodya nyika sagula shuga. M'masitolo munatsala mchere, machesi, mitanda ingapo ya sopo ndi akangaude.

Ignasio yekha ndiye ankaonekabe ngati munthu, koma osati chifukwa cha sitolo ayi. Sitolo yake inali mphako ngati zinzake. Kungoti anthu akasauka m'pamene zigamba zimachuluka, choncho makina ankalirabe pakhonde ndipo moto sunkazima kukhitchini kwa Otilia.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anatulukira Elisha, mesenjala wa khonsolo, pa njinga yake yopanda mabuleki. Anaitanitsa eni masitolo onse pakhonde la Ignasio, n'kuyamba wagugudiza kaye chikho cha madzi.

"Ikubwera komiti ya khonsolo yoona za chitukuko cha matauni," anatero Elisha. "Akufuna aone ndi maso awo mmene malonda akuyendera chichokere Amwenye. Mupake laimu, musese, mutchetche udzu. Ndipo ndikuuzeni monga mwana wakuno: ndamva kuti sitolo imene aipeze yakufa, makiyi abwerera nawo. Akuti ofuna alipo ambiri."

"Nanga tikawauza zoona, kuti katundu sakufika?" anafunsa Lorenso.

Elisha anacheuka uku ndi uku, ngakhale kuti panalibe mlendo. Masiku amenewo munthu ankacheuka kaye asanayankhe funso lotere, ngakhale ali m'nyumba mwake. "Shamwali, ukufuna ukawauze akuluakulu a chipani kuti malonda ankayenda bwino nthawi ya Amwenye? Pakamwa ndi pako. Ine sindinamve."

Mesenjala atapita, aliyense mwa amunawo maganizo anali pa mashelefu ake. Mantha a Ignasio anali akulu kuposa a anzake, chifukwa makiyi akapita ndiye kuti khonde lapita, ndi pogona pomwe. Amene anatsegula pakamwa anali Otilia, ataima pakhomo ndi lichero m'manja.

"Amuna inu, mukudandaula ninji? Mmene ankabwera akuchimuna kudzaona kwawo kwa Priska wathu, mbuzi zija zinali m'khola mwathu zinali za yani? Si zanu, a Lorenso? Mipando ija, mbale zija, matumba a mapira aja anatsamira kukhoma, si tonse tinasonkha? Alendo anapita akutama, madzulo aliyense n'kudzatenga chake. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

Zinalidi choncho. Kuchigwa kuno umphawi sauonetsa kwa apongozi. Mudzi wonse umabwereketsa, ndipo palibe amene amati kumeneko n'kunama, amati n'kusunga ulemu wa nyumba.

"Pyadidi, nzeru yabwino, mayi," anatero Lorenso, "koma katundu wathu yense, ngakhale timuphatikize, sangadzaze masitolo onsewa."

"Kodi iwo ali ndi maso olowa m'masitolo onse nthawi imodzi? Tiunjika milu iwiri, wina m'sitolo yoyamba, wina m'yachiwiri. Akatuluka m'yoyamba, ife akazi tisenza mulu umenewo kudzera kuseri, kukauyala m'yachitatu. Akatuluka m'yachiwiri, chimodzimodzi. Iwo kumaso, ife kuseri, mpaka mzere utha."

Anaseka onse, kuseka kwa anthu amene apeza powolokera. Ignasio naye anaseka, akumuyang'ana mkazi wake monyadira, n'kubwerera pa makina kukamaliza malaya amene anawasiya pakati.

Tsikulo litafika, Nyakamba inali mbuu ndi laimu, mpaka miyala ya m'mbali mwa msewu ndi matsinde a mitengo. Landirova inaima pa sitolo ya Lorenso. Munatsika a Jeremiya Semba, tcheyamani wa komitiyo, munthu wamkulu thupi, atavala jekete lakuda pa dzuwa loti ngakhale abuluzi anali atabisala. Jekete limenelo ankalikonda kuposa mwana, ankati analigula ku Blantyre sabata imene anasankhidwa. Pambuyo pawo panali makhansala angapo, kalaliki, ndi Ayufi awiri a malaya ofiira amene ntchito yawo inali kuyang'ana nkhope za anthu.

Lorenso anawalonjera mwa Chisena chonse, kufunsa za kunyumba, za ana, za ziweto, za mvula ya kwawo, akuwomba m'manja pa yankho lililonse. Mwini sitolo aliyense anachita chimodzimodzi, kuti akazi apeze mpata. Kuseri ndiye kunali ntchito! Otilia patsogolo thumba la shuga lili pamutu, a Veronika ndi zitini za parafini, ena ndi sopo m'malichero, akuwerama podutsa m'mipata ya pakati pa masitolo ngati akuba nkhuku. Kumbuyo kwa mashelefu ankasanja makatoni opanda kanthu ndi zitini zodzaza mchenga, katundu weniweni n'kukhala kumaso.

M'sitolo yachitatu a Semba anaima pa chitini cha parafini chopindika pakona. Chinali chomwe chija anachiona kwa Lorenso.

"Zitini za chaka chino zikubwera zopindika zonse," anatero iwo, n'kupitirira.

Kaya anadziwa kaya sanadziwe, ine sindinganene. Nawonso anali ndi akuluakulu awo amene ankafuna kumva zokoma zokhazokha.

Cholakwa chinachitika kumapeto, ndipo chinachitika chifukwa cha khama. Sitolo ya Ignasio, pokhala yomaliza, inali italandira kale mulu wake. Mulu winawo unali utatha ntchito, ukanangokhala pamene unali. Koma komiti inapatuka kukaona chimbudzi chatsopano cha pamsika, ndipo akazi aja, manja atazolowera kunyamula, anati bwanji tisamukometsere mnzathu amene anatipatsa nzeru. Anasenza zonse n'kukathira kwa Otilia. Ignasio naye anali atakulunga nsalu za makasitomala ake pa matabwa kuti zioneke ngati mipukutu yatsopano. Mmene a Semba ankalowa, m'sitolomo munalibe poponda. Ngakhale Kasamu sanadzazepo chotero pa Khirisimasi.

"Eee!" A Semba anatambasula manja. "Amene amati munthu wakuda sangayendetse sitolo abwere adzaone! Bambo Zuze, mwatichotsa manyazi. Iyi ndiye sitolo ya chitsanzo. Mlendo aliyense wodzaona chitukuko tizimubweretsa pano."

Anthu anawomba m'manja, amayi n'kuimba nthungululu, ena nkhata zikadali kumutu. Ignasio anamva kukoma, tisabise. Munthu wosoka zigamba moyo wake wonse sayamikiridwa kawirikawiri pagulu, ndipo pa nthawi imeneyo anaiwala zoti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Potuluka, a Semba anapunthwa pa dengu la zidutswa za nsalu. Anaima n'kuyang'ana makina, ulusi uli mbwee pansi, ndi thalauzi la munthu wina lopachikidwa pa chingwe, chigamba cha kumatako chikuyang'ana njanji.

"Koma izi ndiye ayi," anatero. "Tauni yatsopano siifuna makonde a zisanza. Mlendo akatsika sitima, choyamba kuona chikhale chimenechi? Makinawa achoke pakhonde."

Ignasio anavula chipewa n'kupinda maondo. "Mbuya, pakhonde pano m'pamene ndakulira. Anthu amandipeza pano. Ndizisesa kawirikawiri, chingwechi ndichotsa lero lomwe."

"Tamverani, bambo Zuze," anatero a Semba mokoma mtima ndithu, dzanja lili pa phewa lake. "Dzulo tinali kutsidya. Tinapezako telala wina pakhonde, m'sitolo mwake muli mchere wokhawokha. Ameneyo tinamusiya asoke, makiyi sitinamulande, nanga adya chiyani? Koma inu, ndi katundu yenseyu, muzilimbirana zigamba ndi amphawi? Kapena mukufuna kundiuza kuti sitoloyi siikukudyetsani?"

Ignasio anayang'ana Elisha. Elisha anayang'ana tayala la njinga yake.

Funso limenelo linali ndi yankho lalifupi, ndipo yankholo linafika mpaka pa lilime. Koma Ignasio anaona Lorenso ataima kumbuyo kwa Ayufi. Anaona a Veronika akubisa nkhata kumsana. Kunena kuti sitolo ndi yopanda kanthu kunali kunena kuti Nyakamba yonse yanamiza khonsolo ndi chipani masanasana, ndipo anthu ankatengedwa osabweranso pa milandu yochepa kuposa umenewo.

"Ikundidyetsa, mbuya," anatero. "Takhuta."

Madzulo ake aliyense anadzatenga chake monga mwa mwambo, koma panalibe kuseka kuja kumene kumakhalapo apongozi akapita. Lorenso anathandiza kulowetsa makina m'kati, awiriwo osayang'anana m'maso. Patapita masiku Elisha anabwera ndi chikwangwani cholembedwa kuti SITOLO YA CHITSANZO, n'kuchikhoma pamwamba pa khomo. Anasiyanso mawu akuti Ayufi azidzayendera khonde.

M'sitolo ya Mmwenye simusokeka. Zenera ndi limodzi, laling'ono, la zitsulo, lomangidwira kuletsa akuba osati kulowetsa kuwala. Malata akatentha masana, munthu amapsa ngati mbatata ya m'phulusa. Ignasio ankalasa ulusi pa singano kambirimbiri osalowa, thukuta likudonthera pa nsalu za eni. Akale ake ankabwerabe, koma akale ndi achibale ndi anzake a kutchalitchi, anthu othokoza ndi pakamwa. Anthu a sitima, amene ankamudyetsa, ankatsika n'kuona khonde loyera ndi chikwangwani, n'kuganiza kuti telala uja analemera n'kusiya ntchito. Ena ankasuzumira, kuona makatoni aja ali ndandanda m'mashelefu, n'kubwerera okha, poti sitolo ya chitsanzo si yolowamo munthu wong'ambika thalauzi. Chinali chikomekome cha mkuyu, ndipo nyerere zake ankazidziwa ndi Ignasio ndi mkazi wake.

"Bambo a Priska, kabwezeni makiyiwa," anatero Otilia tsiku lina, ufa utatha m'dengu. "Tikasokere pansi pa mtengo."

Ignasio anadikira tsiku limene Elisha anadutsa, n'kumufunsa chapansipansi. Mesenjalayo anachita kutsika pa njinga.

"A Zuze, kubweza sitolo ya chitsanzo? Dzina lanu linatchulidwa pa msonkhano wa khonsolo yonse. Mukabweza adzati mukukana chitukuko, ndipo wokana chitukuko mukudziwa dzina lake. Za pansi pa mtengozo iwalani, m'tauni muno analetsanso."

Alendo nawo ankabweradi, a zaulimi, a zamalonda, ngakhale ana a sukulu. Nthawi iliyonse akazi ankasenzanso, tsopano ulendo umodzi wokha wopita kwa Ignasio. Koma mulu unkanka nuchepa. Lorenso anatseka n'kupita kukadula nzimbe ku Nchalo. A Veronika anabwerera ku mandasi awo, kenako kwawo kwa Mlolo. Ena anangochoka osatsanzika. Ofuna ambiri aja sanaoneke ndi mmodzi yemwe, ndipo khonsolo sinavutike n'kudzatenga makiyi. Inkangotumiza laimu woti azipaka kumaso kwa masitolo otsekawo, mileme ikuswana m'kati.

Chaka chotsatira, msika wa thonje utangotsekedwa, Elisha anafikanso, nkhope ili yolemera.

"Ulendo uno si masewera, a Zuze. A Semba akubwera ndi alendo ochokera kuchigawo, odzaona ngati khonsolo yathu ikugwira ntchito. Mawu awo ndi akuti sitolo ikhale mmene anaionera tsiku loyamba."

"Ndi katundu wa yani? Talowa uone wekha."

Elisha analowa, n'kugogoda katoni imodzi ndi chala. Inalira ngati ng'oma. Anagogoda ina, n'kusiya.

"Mukudziwa zimene adzanene akapeza chonchi? Sadzati katundu kunalibe, chifukwa anamuona ndi maso awo. Adzati mwamuwolotsera ku Mozambiki, kumene kuli nkhondo. Ndipo mlandu umenewo sukambidwa ku khonsolo."

Ignasio anakhala pa mpando wake wosokera mpaka dzuwa kupendeka, osaponda makina. Anaganiza za aliyense amene akanamubwereka, n'kupeza kuti onse anapita. Anaganiza zothawa, koma munthu waimvi ndi mkazi wake athawire kuti, kwawo kwenikweni kuli mfuti? M'mawa mwake anathira mafuta m'makina monga ankachitira masiku onse, anawapukuta, n'kumasula mutu wake kuuchotsa pa miyendo. Akuukulunga m'chitenje, Otilia anatulukira.

"Mukupita nawo kuti?"

"Ku Limbe. Mwana wa Kasamu ali ndi sitolo kumeneko. Makinawa amawadziwa, anakulira pamiyendo pake. Andipatsa katundu."

"Ndiye alendowo akapita tidya ninji? Shuga wa pa shelefu amene palibe womugula?"

"Mlendo ndi mame. Si munatero ndinu?"

Mawuwo atangotuluka Ignasio anafuna atawameza. Otilia anakhala pansi pomwepo, pa simenti, n'kulira kulira kwa maliro. Chaka chonse anali atasenza nkhani imeneyi mumtima osauza munthu.

"Ndine ndinakuphetsani ndi nzeru zanga," anatero.

"Nkhabe, si inu nokha, amake Priska. Tonse tinawomba m'manja."

Atalira mokwana, Otilia anadzuka, anapota nkhata, n'kusenza miyendo ya makina ija mpaka pa sitima. Ignasio ananyamula mutu wake pachifuwa. Podutsa pakhonde sanayang'ane pansi.

Ignasio anabwerako ku Limbe ndi makatoni angapo ndi bokosi limodzi la matabwa. Makina amene anadyetsa banja kuyambira unyamata wake anasanduka katundu wokwana mashelefu a kumaso okha. Kwinako anathira mchenga m'zitini monga kale, awiriwiri, popanda wowathandiza. Bokosi la matabwa lija analiika pafupi ndi khomo, n'kuyalapo sopo kuti wolowa ayambe kuona zimenezo.

Alendo anafika ndi magalimoto awiri. Wamkulu wawo anali bambo wa magalasi, woyankhula pang'onopang'ono, amene a Semba ankamutcha bwana pa mawu aliwonse. Anadutsa mofulumira masitolo opakidwa laimu aja, a Semba akufotokoza kuti eni ake apita kukapikula katundu, n'kudzaima kwa Ignasio. Anayang'ana mashelefu, anagwedeza mitu, wina anajambula chithunzi. Ignasio anaima kuseri kwa kauntala atavala malaya oyera, akumwetulira monga anauzidwira, m'mimba muli njala.

"Pano, bwana, panali zisanza zokhazokha," anatero a Semba, akutembenuka kuti aloze khonde. "Khonsolo itangolowererapo..."

Tswee!

Msomali wa bokosi lija unakola jekete lakuda, n'kuling'amba kuchokera pathumba mpaka kumpendero. A Semba anagwira chong'ambikacho ndi manja awiri, nkhope itagwa, poti kutsogolo kunali msonkhano wina woti akayankhule pamaso pa alendo omwewa.

Maso a Ignasio anali atafika kale pamenepo. Anaona kuti nsalu yang'ambika motsata ulusi, kuti ikufunika kuipinda pang'ono m'kati ndi kuidutsa kawiri ndi ulusi wakuda. Pa makina inali ntchito yoti munthu asanamalize chikho cha madzi yatha. Pamanja inali yotengera tsiku. Phazi lake lamanja linayamba kuponda lokha kuseri kwa kauntala.

"Itanani telala msanga!" anatero a Semba. Palibe anasuntha. Kenako a Semba anakumbukira. "Bambo Zuze, si paja inu munkasoka? Makina aja ali kuti?"

Ayufi anali pakhomo. Bambo wa magalasi ankadikira yankho. Otilia anali ataima pa chitseko cholowera kuseri, dzanja lili pakamwa.

"Ndinasiya, mbuya," anatero Ignasio. "Sitolo ikundidyetsa."

Anatsitsa mapini pa shelefu, anazungulira kauntala, n'kugwada kutsogolo kwa a Semba. Analumikiza jekete lija ndi mapini kuchokera m'kati, mwaluso, moti woima patali sakanazindikira.

"Ndiye kuti tauni yonseyi ilibe telala?" anafunsa bambo wa magalasi. Anatuluka panja, n'kuyang'ana khonde kuchokera uku mpaka uko, kenako n'kuyang'ana njanji. "A Semba, apa pokha ndiye mwagona. Tauni yopanda telala ndi tauni yanji? Khonde labwino ngati ili likungokhala! Mupeze munthu wa makina ake, mumukhazike pano, kuti anthu otsika sitima azimuona."

"Nzeru zimenezo, bwana," anatero a Semba. "Tichita sabata ino."

Magalimoto anapita, fumbi n'kutsala likutera pa laimu. Elisha anatsalira, akukankha njinga yake pang'onopang'ono, mpaka anadzaima pamunsi pa khonde. Sanathe kudzutsa maso.

"A Zuze, andituma ine kuti ndifufuze. Simukudziwako munthu amene ali ndi makina?"

Ignasio anayenda mpaka pamalo pake paja n'kunjuta. Timaenje tija tinali titadzaza fumbi ndi laimu. Anayamba kutikolokosa ndi chala, kamodzikamodzi, akuuzira fumbilo ndi pakamwa, kuti wobwerayo asadzavutike kupeza poika miyendo ya makina.